Dzulo anali mnzathu, lero ndi bwana

Disembala akamayandikira, m'mawodi a chipatala mumakhala pepala limodzi limene aliyense amalidikira: ndandanda ya mashifiti. Ndi imene imanena amene agwire usiku wa Khirisimasi ndi amene akadyere kwawo. Kwa namwino amene wangopatsidwa kumene udindo woyang'anira wodi, pepalali limasowetsa tulo. Chaka chatha iyeyo anali m'gulu la odandaula, ankaima pakhonde ndi anzake n'kumanena kuti ndandanda yalembedwa mokondera. Chaka chino cholembera chili m'manja mwake. Mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, amene anali naye kalasi imodzi kusukulu ya unamwino, wamunong'oneza kale kuti pa 26 kwawo kuli chinkhoswe cha mng'ono wake. Mayi wina wachikulire, amene anamuphunzitsa kupeza mtsempha pa kadzanja ka mwana wodwala malungo masiku amene anali wachilendo, wagwira Khirisimasi ziwiri zotsatizana osapuma. Wodi siingatsale yopanda munthu, ndiye mmodzi mwa awiriwa akhumudwa basi.

Zoterezi sizichitika kuchipatala kokha. Amakumana nazo mphunzitsi amene wakhala hedi pasukulu yomwe ankaphunzitsa, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi amene dzana ankathyola limodzi ndi anzake, komanso makaniko amene wapatsidwa makiyi a galaja. Kalata yokweza munthu imatchula giredi yatsopano ndi malipiro ake. Siimuuza kuti ntchito imene ankaidziwa bwino ija yatha, ndipo wayamba ina imene sanaiphunzirepo.

Mu 2023 bungwe la Chartered Management Institute la ku Britain linatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti mwa anthu 100 alionse amene amalowa udindo woyang'anira anzawo m'dzikomo, 82 amakhala asanalandire maphunziro a ntchitoyo. Amangouzidwa kuti kuyambira Lolemba ofesi yanu ndi iyi. N'chifukwa chake ambiri amathamangira ku mabuku a utsogoleri, amene ochuluka amachokera ku America. Ena ndi othandiza zedi, ena amangosangalatsa mtima, ndipo munthu amene ndalama ndi nthawi zili zomuperewera ayenera kudziwa kusiyanitsa.

Kodi zimatheka bwanji kuti munthu wakhama ndi waluso ayambe kuvutika akangokwezedwa? Mu 1969 Laurence J. Peter, katswiri wa zamaphunziro wobadwira ku Canada, analemba pamodzi ndi Raymond Hull buku lotchedwa The Peter Principle. Mfundo yake inali yakuti munthu amakwezedwa chifukwa chochita bwino pamene ali, amakwerabe, mpaka amafika pa mpando umene sangauthe n'kukhazikika pomwepo. Bukulo linalembedwa moseketsa, moti ambiri ankalitenga ngati nthabwala. Koma mu 2019 akatswiri atatu, Alan Benson, Danielle Li ndi Kelly Shue, anasindikiza zimene anapeza ataunika mbiri ya ogulitsa malonda masauzande ambiri m'makampani oposa 100 a ku America. Amene ankagulitsa kwambiri ndi amene ankakwezedwa kawirikawiri, koma atakhala mamanijala, anthu awo sankachita bwino poyerekeza ndi oyang'aniridwa ndi mamanijala amene sanali akatswiri ogulitsa. Amene anazolowera kugwirizana ndi anzawo kuti malonda atheke ndi amene ankadzakhala oyang'anira abwinopo.

Buku limene linayandikira kwambiri moyo weniweni wa bwana watsopano ndi Becoming a Manager, la Linda Hill, pulofesa wa ku Harvard Business School, limene linatuluka mu 1992. Mayiyu sanapite kwa akuluakulu a makampani kuti akumbukire zakale. Anatsatira mamanijala atsopano 19, a m'kampani ina ya zamasheya ndi ina ya makompyuta, m'chaka chawo chonse choyamba. Ankacheza nawo, ankachezanso ndi mabwana awo ndi anthu amene ankawayang'anira. Ambiri analowa ntchito akuganiza kuti tsopano apeza mphamvu ndi ufulu wochita zimene akuona kuti n'zoyenera. Anapeza kuti amangika kuposa kale: wapansi akufuna ichi, wapamwamba akufuna icho, makasitomala akudandaula, madipatimenti ena sakuyankha. Anadabwanso kuona kuti kulamula si ndiye kuti chinthu chichitika, ndipo anthu aluso kwambiri ndi amene sankavomera msanga kuchita chinthu chifukwa chongouzidwa. Ulemu umene ankayesa kuti ubwera limodzi ndi mpando anachita kuukhetsera thukuta. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri ankaopa kukapempha nzeru kwa amene anawakweza, poganiza kuti aoneka olephera. Amene analimba mtima n'kupita anapeza kuti mabwana awo anali omvetsa kuposa mmene ankaganizira.

Chimene chimakola ambiri poyamba ndi kubwerera ku ntchito yakale. Woyang'anira galaja akaona mnyamata akulimbana ndi mabuleki kwa maola awiri, sapirira. Amavala ovolosi, n'kugwada pa tayala, ntchito n'kutha m'kanthawi kochepa. Madzulo amaweruka mtima uli mbee chifukwa wachita chimene amachidziwa. Koma masipeya a mawa sanaitanitsidwe, kasitomala amene ankadikira kuuzidwa mtengo wapita kwina, ndipo mnyamata uja sanaphunzire kanthu. Andy Grove, amene anathawa ku Hungary mu 1956 n'kudzakhala mkulu wa kampani ya Intel, anafotokoza m'buku lake la 1983, High Output Management, kuti manijala amayezedwa ndi zimene gulu lake latulutsa, osati zimene manja ake okha achita. Mu 1974 magazini ya Harvard Business Review inasindikiza nkhani ya William Oncken ndi Donald Wass imene inayerekeza vuto la pantchito ndi nyani wokhala pamsana pa munthu. Wantchito akakumana ndi bwana pakhonde n'kumuuza vuto, bwana n'kuyankha kuti aliganizira kaye, nyani uja walumpha kuchoka kwa mwini wake, watera pa bwana. Pofika Lachisanu bwana wabereka anyani a ofesi yonse, eni ake akungodikira yankho. Ndipo amene amatola anyani ambiri ndi bwana watsopano wofuna kuti anzake akale azimukondabe.

Kampani ya Google inaphunzira zofanana ndi zimenezi. Mu 2002 inayesa kuchotsa mamanijala a mainjiniya poganiza kuti amangochedwetsa ntchito, koma patangopita miyezi yochepa inawabwezeretsa, anthu atayamba kupita kwa Larry Page, mmodzi mwa oyambitsa kampaniyo, ndi nkhani zing'onozing'ono za ndalama ndi mikangano ya muofesi. Kafukufuku wawo wa pambuyo pake, Project Oxygen, anapeza makhalidwe 8 a manijala wabwino. Loyamba linali kudziwa kuphunzitsa ndi kuwongolera munthu. Luso pa ntchito yeniyeniyo, limene nthawi zambiri limamukwezetsa munthu, linali lomaliza.

Chopweteka kwambiri ndi nkhani ya chinzake. Anthu amasintha okha asanauzidwe. Amene ankati “aise” amayamba kuti “bwana”, ena mwaulemu, ena monyogodola. Macheza a pa nkhomaliro amaduka iye akangotulukira. Pa WhatsApp pamatsegulidwa gulu lina limene iye mulibe. Ena mwa okwezedwa amayankha poumitsa nkhope: sabata yoyamba yomwe abweretsa buku losainira nthawi yofika, alembera mnzawo kalata yochenjeza pa kanthu kochepa, kuti aliyense adziwe kuti zinthu zasintha. Mwezi usanathe mbiri yawanda kuti ayamba kudzimva. Ena amachita zosiyana. Amasekerera chilichonse, amayang'ana kumbali mnzawo akafika 9 koloko, amamaliza okha malipoti a ena usiku. Njira yachiwiriyi imaoneka ya umunthu, koma imalanga anthu akhama, amene amaona kuti kujomba kulibe mlandu bola ukhale mnzake wa bwana.

Kim Scott, amene anagwirapo ntchito ku Google ndi ku Apple, akufotokoza m'buku lake la 2017, Radical Candor, za wantchito wina amene aliyense ankamukonda koma ntchito yake inali yosalongosoka. Scott sanafune kumukhumudwitsa. Kwa miyezi yambiri sanamuuze zoona, anzake n'kumakonza zolakwika zake mwakachetechete, mpaka gulu lonse linatopa ndipo panalibenso kuchitira mwina koma kumuchotsa. Bamboyo anafunsa chifukwa chake panalibe amene anamuuza nthawi yonseyi. Chifundo chija chinamulanda mpata wokonza zinthu nthawi ikadalipo.

Ku Malawi nkhani yotere imatha kukathera kukhoti. Lamulo la Employment Act la 2000 limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe lake kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa kaye mpata wodziteteza. Mlandu ukafika ku bwalo la Industrial Relations Court, olemba ntchito ndi amene amayenera kusonyeza chifukwacho. Woyang'anira amene sanalankhulepo kapena kulemba kalikonse chaka chathunthu, kenako n'kulusa tsiku limodzi, amasiya bungwe lake lilibe choyankha. Mabuku ambiri a ku America sakhalitsa pa zimenezi, chifukwa m'madera ambiri kumeneko bwana angathe kuchotsa munthu osapereka chifukwa.

Chimene mabuku abwino amagwirizanapo n'chosavuta ndiponso sichilira ndalama: kukhala pansi ndi munthu mmodzimmodzi pa nthawi yoikika, osati pokhapokha walakwa. Grove ankati msonkhano wotere mwini wake ndi wantchitoyo. Iye ndi amene azibwera ndi zokambirana, bwana azimvetsera ndi kufunsa. Kabuku ka Ken Blanchard ndi Spencer Johnson ka 1982, The One Minute Manager, kamene munthu angakamalize madzulo amodzi, kamalimbikitsa kugwirizana zolinga zomveka, kuyamikira pompopompo munthu akachita bwino, ndi kumudzudzula mwachidule pompopompo akalakwa. Wachinyamata amene akuyang'anira amsinkhu wake angapeze mnzake mwa Julie Zhuo, amene anakhala manijala ku Facebook ali ndi zaka 25 ndipo mu 2019 analemba The Making of a Manager osabisa mantha amene anali nawo. Kucheza koyamba kumene sikuyenera kuchedwa ndi kwa munthu amene nayenso ankayembekezera mpandowo. Iyeyo akudziwa, bwana watsopano akudziwa, ofesi yonse ikudziwa, ndipo kukhala chete kumangokulitsa chilonda.

Ofunika kuwawerenga mosamala ndi mabuku aja olonjeza chinsinsi cha makampani opambana. Good to Great, la Jim Collins, linatuluka mu 2001 n'kugulidwa kwambiri, ndipo linasankha makampani 11 ngati zitsanzo. Zaka khumi zisanathe, imodzi mwa izo, Circuit City, inagwa n'kutseka masitolo ake mu 2009, ndipo ina, Fannie Mae, inachita kupulumutsidwa ndi boma la America mu 2008. Phil Rosenzweig anali atachenjeza kale mu 2007, m'buku la The Halo Effect, kuti kampani ikamapanga phindu anthu amati mtsogoleri wake ndi woona patali, ikagwa munthu yemweyo amamutcha wosamva za ena. Choncho kafukufuku wodalira zonena za anthu amangobwereza zotsatira, sapeza gwero lake. Mabuku otere amapatsa chilimbikitso, koma woyang'anira anthu 6 sapezamo chomuthandiza Lolemba m'mawa.

Palinso zimene mabuku akunjawa sangazidziwe n'komwe. Sadziwa sabata imene anthu atatu apempha kupita kumaliro nthawi imodzi, onse ndi zifukwa zoona. Sadziwa chipereganyu cha pantchito, chimene bwana watsopano akadali membala wake, kapena ngongole imene anatenga kwa mnzake mwezi wa fizi, mnzake amene tsopano ayenera kumulembera lipoti la kagwiridwe ka ntchito. Ngongole yotere ndi yofunika kubweza msanga, ngakhale zitavuta bwanji. Za maliro ndi tchuthi zimafuna lamulo limodzi lodziwika kwa onse, kuti chisoni cha wina chisaoneke chachikulu chifukwa ndi wokondedwa. Sadziwanso kulemera kwa kudzudzula munthu wa msinkhu wa bambo ako. Kulankhula mosabisa kumene Scott amalimbikitsa n'kofunika, koma kuno kuli ndi njira yake. Munthu wamkulu amaitanidwira pambali, chitseko chitsekedwe, apatsidwe moni, afunsidwe za kunyumba, kenako nkhani inenedwe yonse: “Bambo, lipoti limafunika pa 5 koma lafika pa 12, ndipo aka n'kachitatu. Chikuvuta n'chiyani, kuti tithandizane?” Ulemu wonse ulipo, tsiku latchulidwa, ndipo palibe chimene chabisidwa. Vuto limabwera pamene moni ndi za kunyumba zatenga nthawi yonse, bamboyo n'kutuluka osadziwa chimene amuitanira.

Mbali ina ya udindowu ili kwa okweza anthu. Maphunziro a oyang'anira alipo: m'boma muli Malawi School of Government, imene inapangidwa pophatikiza Malawi Institute of Management ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba. Maphunziro otere amathandiza kwambiri akaperekedwa munthu asanakhale pa mpando kapena atangokhalapo, osati atavutika kale zaka zitatu. Ndipo si katswiri aliyense amene ayenera kukhala bwana. Makampani ambiri a zamakompyuta ali ndi makwerero awiri, ena a oyang'anira anthu, ena a akatswiri, moti injiniya waluso angathe kukwera giredi ndi malipiro osayang'anira munthu ngakhale mmodzi. Pamene makwerero ali amodzi okha, mphunzitsi wa masamu amene ana ake amakhoza bwino chaka ndi chaka amavomera uhedi chifukwa ndi njira yokhayo yowonjezera malipiro, ngakhale mtima wake uli m'kalasi. Maola ake ophunzitsa amachepa, nthawi yambiri imathera pa mafomu ndi misonkhano, ndipo masamu a Fomu 4 amapatsidwa kwa wina.