Tenti yopopa yomwe siiphwa pampu ikachotsedwa

Pa chivindikiro chachitsulo cha botolo la jamu pamakhala kamalo kozungulira pakati. Botolo likakhala losatsekula, kamaloka kamalowa m'kati. Mukangotsekula, kamatumphukira m'mwamba ndi kaphokoso koti "pho!" Pakatikati sikaima. N'chifukwa chake ogula amachenjezedwa kuti botolo lomwe kamaloka katukuka kale lisiyidwe pashelefu, poti mwina munalowa mpweya kapena chakudyacho chayamba kuwonongeka.

Kutumphuka kotereku n'kumene kwakopa akatswiri a zomangamanga, omwe akufuna nyumba, zida zachipatala ndi makina otha kukhazikika m'maonekedwe awiri kapena angapo, popanda mphamvu yowagwiririra.

Mu 2021, David Melancon, Katia Bertoldi, Chuck Hoberman ndi anzawo a pa yunivesite ya Harvard ku America anafalitsa m'magazini ya Nature zotsatira za ntchito yotere. Anatengera luso la ku Japan lopinda mapepala, la origami. Anadula timatabwa tolimba ta pulasitiki ta makona atatu n'kutilumikiza ndi mfundo zofewa zotha kupindika. Chinthucho chikakhala chopinda chimagona pansi, chafulati, moti zambiri zitha kusanjikizidwa m'galimoto imodzi. Mukachipopa, mpweya umakankha timatabwato mpaka mfundo zija zidutse polimba penipeni, kenaka zimatumphukira mbali inayo n'kukhazikika. Pamenepo yaima tenti yotalika pafupifupi mamita awiri ndi theka.

Chosangalatsa chili apa: pampu mutha kuichotsa, chitseko n'kutsekula, tentiyo osagwa. Matenti opopa omwe tinawazolowera amadalira mpweya wa m'kati nthawi zonse, ndipo kaminga kamodzi kokha kangathe kuwagwetsa. Iyiyi imaima chifukwa cha kadulidwe ka makona aja. Kuti muipinde, mumachita kukoka mpweya m'katimo.

Chilengedwe chinayamba kalekale kugwiritsa ntchito kutumphuka kotereku. Chomera chodya tizilombo cha Venus flytrap, cha ku North Carolina ndi South Carolina, chimatembenuza kupindika kwa masamba ake n'kutsekera ntchentche m'kati mwa gawo limodzi la magawo khumi a sekondi, monga anasonyezera Yoël Forterre ndi anzake mu 2005.

Amene anaona mabanja atadzazana m'makalasi a sukulu namondwe wa Freddy atawononga chigawo cha kummwera mu 2023 sangafunse ntchito ya tenti yotere. Komabe ya ku Harvard inali yoyesera chabe. Mfundo zopindika zimatha msanga zikapindidwa kambirimbiri, ndipo dzuwa, mphepo ndi mtengo wake ndi zomwe zidzagamule ngati idzafike kumsasa wa anthu osowa pokhala.