Citenge ca nyengo yotentha: kuwala kokha sikukwanira

Kuyambira mu September kufikira mvula yoyamba, matelala a mu Lusaka sapuma. Iyi ndi nyengo ya maukwati, makicini pate ndi cikondwerero ca ufulu ca pa 24 October, pamene ambiri amasoketsa zovala za mitundu ya mbendera: yobiriwira, yofiira, yakuda ndi ya olenji.

Komatu si citenge ciriconse cowala cimene cimayenerana ndi dzuwa la October. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inaima nchito mu 2007, ndipo zitenge zambiri zochipa za m'masitolo a ku Kamwala zimacokera kunja. Zambiri mwa izo ndi za poliyesita, nsalu yosamwa thukuta, imene imamatirira pathupi munthu asanayambe n'kuvina komwe. Ya thonje imamwa thukuta, imalowetsanso mphepo.

Kuzisiyanitsa sikubvuta. Wogula amasolola kaulusi m'mphepete mwa nsalu n'kukayatsa ndi macisi. Ka thonje kamanunkha ngati pepala lopsa, kamasiya phulusa. Ka poliyesita kamasungunuka n'kusanduka kanjere kolimba.