KHUNGU LA CITSULO

Pano ndifuna kulongosola cinthu cimodzi cimene amisiri osula anaciona ndi maso, koma cifukwa cace cinadziwika pambuyo. Cinthuco ndi ici: bwanji citsulo cimodzi cikhala cokhwima kunja, koma cofewa m'kati?

Kale Acewa ndi Atumbuka a dziko lino sanali kugula makasu m'sitolo ai. Anali kumanga ng'anjo zadothi, nathiramo miyala ya citsulo pamodzi ndi makala, nasonkha moto usana ndi usiku. Ku Kasungu, kutsidya kwa malire, kumene kuli abale a anthu a Mwase wa ku Lundazi, nchito imeneyi inatha ca m'ma 1930, pamene makasu a Azungu anacuruka. M'zaka za 1980 anthu ophunzira anapempha nkhalamba za kwa Chulu kuti ziyatsenso ng'anjo, ndipo analemba zonse zimene anaona.

Citsulo coturuka m'ng'anjo sicinali cofanana ponse. Mbali yina inali yofewa, yina youma gwa, ndipo wosula anali kuzizindikira ndi nyundo yace pacipala. Kusiyanaku kucokera ku makala. M'makala muli cinthu cochedwa kaboni. Citsulo cikapsya kufikira madigiri 900, kaboniyo amalowa m'citsulo pang'onopang'ono, kuyambira kunja. Tsono cikabviikidwa m'madzi cikali cofiira, mbali imene yamwa kaboni imauma, nisanduka ngati khungu. M'kati mukhalabe mofewa. Cida cotere n'cabwino, pakuti kunja sikutha msanga, ndipo m'kati simuthyoka.

Nanga khungulo limakula motani? Taganizani za mcere pa nyama yofutsa. Tsiku loyamba ulowa msanga, koma kuti ufike pa pfupa papita nthawi, cifukwa ulendo wace ukutalikirabe. Kaboninso atero. M'caka ca 1855 Adolf Fick wa ku Germany analemba lamulo la kayendedwe kameneka, ndipo m'caka ca 1943 F. E. Harris wa ku America anaonetsa mawerengedwe ace pa citsulo. Pa moto wa madigiri 925, ola limodzi lipatsa khungu loposa pang'ono theka la milimita. Maola 4 apatsa kawiri kace. Maola 16 apatsa kanai. Ndiko kunena kuti wofuna khungu locindikala kawiri ayenera kudikira nthawi kanai. Koma moto ukakula, kaboni afulumira. Lero m'mafakitale acita masamu amenewa pa kompyuta asanaike zitsulo za magiya a galimoto pa moto, kuti asataye nthawi ndi ndalama.

Inu okhala m'tauni, nkhaniyi ikukhudzani. Cida cokhwimitsidwa kunja kokha mukacinola kopitirira, mucotsa khungu lija, ndipo cotsala cibuntha msanga. N'cifukwa cacenso osula a masiku ano akonda sipuling'i ya galimoto posula nkhwangwa: citsulo cimeneco ciri ndi kaboni mpaka m'kati, cotero cikhwima conse.

Ine ndiyesa kuti makolo athu sitiyenera kuwapeputsa. Analibe mabuku kapena coyesera moto, koma poyang'ana maonekedwe a lawi ndi pomva kulira kwa nyundo anadziwa citsulo coyenera khasu ndi coyenera mkondo. Ngati kwanu kukali nkhalamba imene inamva za ng'anjo kwa atate ace, pitani mukaifunse, mulembe mau ace.