Mfundo za Chingwe: Nzeru ya Asodzi Imene Ana Athu Angaphunzire

Tonse timamanga mfundo tsiku lili lonse. Mayi amamanga mtolo wa nkhuni. Mnyamata wa ku Zóbuè amamanga matumba a makala pa njinga. Msodzi wa pa mtsinje wa Revúbuè, pafupi ndi Moatize, amamanga bwato lake pa mtengo madzulo. Koma mfundo sizifanana. Ina imagwira, ina imapululuka. Mfundo ikapululuka pa mtolo, timatola nkhuni ndi kumanganso. Ikapululuka pa bwato usiku, madzi amalitenga kupita nalo ku Zambezi, ndipo banja limakhala lopanda ndiwo.

Tiyambe ndi chingwe chenicheni. Makolo athu sankagula chingwe m'sitolo. Ankafula luzi ku mitengo ya m'thengo monga mombo. Ankasenda khungwa la mlambe, mtengo umene uli wambiri kuno ku Tete, ndi kulisinja mpaka lifewe. Khungwa la mlambe limameranso pamene tasenda, ngati sitinapitirize muyeso. Panalinso bwazi, wa ulusi wolimba kwambiri, wolukira maukonde. David Livingstone atafika ku Tete mu 1856 anaona ulusi wa bwazi ndipo analemba za kulimba kwake. Khonje anachita kubwera kuchokera ku Mexico.

Popota chingwe, munthu amaika timagulu tiwiri ta ulusi pa ntchafu. Amatipota tonse ndi chikhatho kulowera mbali imodzi, kenaka amatisiya kuti tipotane tokha kulowera mbali ina. Chinsinsi chili pamenepa. Kagulu kali konse kamafuna kumasuka, koma kanzake kamakaletsa. Pamene tiwoloka mlatho wa Samora Machel ku Tete, umene unatsegulidwa mu 1973, tiyang'ane m'mwamba. Mlatho wonse uja ukulendewera pa zingwe zachitsulo, ndipo chingwe chili chonse ndi mawaya ambiri ogwirizana pamodzi.

Tsopano tione mfundo zitatu. Anthu oyenda pa nyanja zazikulu anazipatsa maina, ndipo tilemba maina ake a Chipwitikizi kuti tizizindikire tikazimva.

Yoyamba ndi nó direito. Tipititse nsonga ya kumanja pamwamba pa ya kumanzere ndi kupisa. Kenaka ya kumanzere pamwamba pa ya kumanja ndi kupisanso. Ndi yabwino pomanga mtolo kapena nsalu ya pa bala. Koma tisalumikize nayo zingwe ziwiri zokoka katundu wolemera. Imatembenuka ndi kupululuka, ndipo anthu avulalapo chifukwa choikhulupirira.

Yachiwiri ndi nó de escota. Iyi ndiyo yolumikizira zingwe ziwiri, ngakhale china chikhale chachikulu, china chaching'ono. Tipinde nsonga ya chingwe chachikulu ngati mbedza. Chaching'ono chilowe m'mbedzamo kuchokera pansi, chizungulire kumbuyo kwa mbedza yonse, ndi kudzipisa pansi pake chokha. Mfundo yomweyi ndiyo ili pa diso lili lonse la ukonde woluka pa manja. Woluka amagwiritsa kamtengo koyezera, kuti maso onse akhale ofanana. Kamtengoka nkofunika kuposa m'mene kamaonekera. Maso aakulu amalola tiana ta nsomba kudutsa kuti tikakule. Nchifukwa chake kupha nsomba ndi neti ya udzudzu nkoletsedwa: imakokolola zonse, ndi za chaka chamawa zomwe.

Yachitatu ndi lais de guia. Imapanga khwekhwe limene silithina ngakhale tikoke bwanji. Tipange kabowo kakang'ono pa chingwe. Nsonga itulukire m'kabowomo kuchokera pansi, izungulire kumbuyo kwa chingwe chachitali, ndi kubwerera m'kabowo momwemo. Ndi mfundo yomangira bwato, yomangira mbuzi kuti isapotoke khosi, ndiponso yoponyera munthu amene wagwa m'chitsime. Ntchito ikatha imamasuka mosavuta, popanda mpeni.

Masiku ano ambiri timagula zingwe za nayiloni. Siziola msanga m'madzi, koma zimaterera kuposa khonje. Tisiye nsonga yaitali kuseri kwa mfundo, ndipo tiwauleko nsongayo pa moto kuti isamasuke.

Nanga zimenezi zikukhudza bwanji ana amene akuphunzira zojambula ndi ntchito zamanja? Timve za munthu wina wa ku America, dzina lake Clifford Ashley. Anabadwa mu 1881 ku New Bedford, mudzi wa pa doko. Anaphunzira kujambula zithunzi ku sukulu. Mu 1904 anakwera chombo chosaka anamgumi, nakhala pamodzi ndi amalinyero. Anaona manja ao, nayamba kujambula mfundo imodzi imodzi. Mu 1944 anatulutsa buku la mfundo zoposa 3,800, lokhala ndi zithunzi pafupifupi 7,000. Amalinyero aja anamwalira kale, koma mfundo zao zikuphunzitsidwabe chifukwa wojambula mmodzi anakhala nao pansi.

Ifenso tili ndi ana otere. Mu 2004 sukulu za pulayimale za Mozambique zinalandira maphunziro a Ofícios ndi Educação Visual, ndiponso nthawi yophunzira zinthu za m'dera lao lomwe. Ku Maputo kuli Escola Nacional de Artes Visuais, kumene achinyamata amaphunzira zojambula, zoumba ndi zoluka. Koma Maputo ndi kutali, ndipo utoto ndi mapepala zimafuna ndalama. Luzi ndi khonje zili kuseri kwa nyumba. Mwana wa ku Moatize amene amadandaula kuti alibe zipangizo, mwina agogo ake ndi katswiri woluka mono kapena ukonde, ndipo palibe amene anawafunsapo. Ife akulu tili ndi mbali yathu pamenepa. Kawirikawiri timamulanda mwana chingwe ndi kumanga tokha chifukwa cha changu. Timange pang'onopang'ono iye akuona, ndipo timuuze ajambule m'kope mwake njira imene nsonga ikuyenda.

Pa phunziro lamawa ali yense abwere ndi zingwe ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono. Amene akudziwa mfundo ina yosalembedwa muno adzationetse, ndipo tidzalemba dzina lake pa bolodi monga m'mene timaitchulira kwathu.