Kuika Valavu Yotsekera Madzi pa Paipi Yakale

 Nkhani yathu lero ikukhudza inu amene mukukhala m'nyumba zakale za madzi a m'mipopi.

Tiyerekeze kuti mpopi wa kukhitchini wathyoka pakati pa usiku. Bambo athamangira ku mita nyali ili m'manja, koma chotsekera cha kumeneko chakana kutembenuka, popeza chakhala zaka zambiri osakhudzidwa. Pomadzacha ufa wanyowa, mipando yafufuma, ndipo mita yawerenga dontho lililonse. Tsoka lotere lingapewedwe ndi valavu imodzi yoikidwa pamene paipi ikulowera m'nyumba.

Poyamba tiidziwe paipiyo. Nyumba zambiri zomangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zili ndi mapaipi achitsulo okutidwa ndi zinki, ambiri a mamilimita 15 kapena 20, amene amisiri amawayeza m'mainchi. Zinkiyo imatchinjiriza chitsulo ku dzimbiri, koma imatha pang'onopang'ono. Pakapita zaka 40 kapena 50, dzimbiri limakhala litadya paipi kuchokera m'kati, ngakhale kunja ioneke yabwinobwino. Malo ofooka koposa ndi pa mazinga, chifukwa powadula zinki imachoka ndipo chitsulo chimatsala chopyapyala. N'chifukwa chake paipi yakale siifuna mphamvu zambiri, ifuna kudekha.

Musanagwire chida chilichonse, kumbukirani zinthu zitatu. Choyamba, mita ndi paipi yochokera kumsewu n'za bungwe la madzi. Ngati chotsekera cha pa mita chalimba, kauzeni a bungwelo, musachikakamize. Chachiwiri, ngati muli ndi giza, zimitsani magetsi ake, pakuti ikayaka mulibe madzi imapsa. Chachitatu, m'nyumba zina zakale waya wa magetsi wopita kunthaka anamangiriridwa pa paipi ya madzi. Mukauona waya wotere, itanani mmisiri wa magetsi musanadule paipi, chifukwa apa pagona moyo wa munthu.

Tsopano ntchito yeniyeni. Tsekani madzi pa mita, ndipo tsegulani mipopi yonse kuti otsalira atuluke. Dulani paipi ndi sowo yodulira zitsulo pamalo amene mwasankha, kenaka masulani zidutswa ziwirizo pa mfundo zoyandikana nazo. Apa mvetsetsani bwino: gwiritsani ntchito mabobojani awiri. Mmodzi agwire mfundo kuti isasunthe, winayo atembenuze chidutswa. Mukatembenuza ndi mmodzi yekha, mphamvu yanu idzayenda m'paipi yonse n'kukathyola mfundo ina m'kati mwa khoma, ndipo ntchito ya ola limodzi idzasanduka yogumula nyumba. Mfundo ikakana, thirani mafuta omasulira dzimbiri, dikirani, ndipo yesaninso.

Pamalo pa chidutswa mwachotsacho mudzaika tizidutswa tatsopano tokhala ndi mazinga, valavu, ndi cholumikizira chimene amisiri amachitcha yuniyoni. Wina angafunse kuti yuniyoniyo nja chiyani. Yankho ndi ili: paipi yogwidwa mbali zonse ziwiri mukaitembenuza, mbali imodzi imamanga pamene inayo ikumasuka. Yuniyoni ili ndi nati yake pakati, imene imakoka mbali ziwirizo pamodzi popanda kutembenuza paipi. Motero ndiyo imamangidwa pomalizira.

Pa mazinga onse a paipi kulungani tepi yoyera yotchinga madzi, motsata mbali imene mudzamangire, kuti isavundukuke. Za valavu, ya chogwirira chachitali ndiyo yosavuta: chogwiriracho chikalunjika ndi paipi, madzi akuyenda, chikapingasa, madzi atsekeka. Ngati mwagula ya mtundu wokhala ndi chizindikiro cha muvi pambali, muviwo uloze kumene madzi akupita. Musalumikize paipi ya kopa mwachindunji ku paipi yachitsulo, pakuti zitsulo ziwirizi zikakhudzana m'madzi, dzimbiri limafulumira.

Mukatsiriza, tsegulani madzi pang'onopang'ono, mpopi umodzi uli wotsegula. Madzi oyamba adzatuluka ofiira ndi dzimbiri. Alekeni mpaka ayere. Kenaka tsekani mipopi yonse, pukutani mfundo zatsopano ndi nsalu youma, ndipo kayang'aneni mita. Ikamayendabe, penapake pakudontha.

Koma ngati podula mwapeza paipi itatsekeka ndi dzimbiri, kapena mazinga akunyenyeka m'manja, lekerani pomwepo. Paipi yotero yatha ntchito, ndipo mankhwala ake n'kuisintha yonse. Itanani pulambala wodziwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Potsiriza, aonetseni onse a m'banja mwanu pamene pali valavuyo, ana osinkhuka omwe, ndipo muziitseka ndi kuitsegula miyezi ingapo iliyonse kuti isalimbe.