Kachipangizo Kodziwotcha Kokha

Wailesi yamagetsi ikalira tsiku lonse imafunda kumbuyo kwake. Kwina mwa kufundako kumachokera m'tizipangizo totchedwa transistor, tomwe tinapangidwa koyamba ku Bell Laboratories, m'dziko la America, m'chaka cha 1947. Ntchito ya transistor ndiyo kukuza mphamvu yofooka ya magetsi kuti mawu amveke.

Vuto lagona apa: transistor ya mtundu wa bipolar ikatentha imalola magetsi ambiri kudutsa, ndipo magetsiwo amaonjezeranso kutenthako. Ziŵirizi zikamakolezana chotere popanda choletsa, kachipangizoko kamapsa. Ngoziyi imakula m'mafoni a m'manja, momwe magetsi amasinthasintha maulendo oposa biliyoni pa sekondi imodzi, pamalo ochepa kuposa kanjere ka mchenga.

N'chifukwa chake akatswiri amayamba ayesa transistor ndi masamu pa kompyuta asanaipange. Masamu amene Gummel ndi Poon anakonza mu 1970 analongosola bwino kayendedwe ka magetsi, koma sanaŵerengere kutentha kumene transistor imadzipangira yokha. Kumeneko kunali kupereŵera kwakukulu. Masamu otchedwa VBIC, a mu 1995, amaŵerengera magetsi ndi kutentha nthaŵi imodzi, kotero kuti transistor yoti idzapsa imadziŵika isanatuluke m'fakitale.