Kodi mumadziwa? Njinga ya agogo si yoika pa sikelo

Kodi mumadziwa kuti njinga yakuda ija yatsamira kuseri kwa nyumba ku Linga, ku Chia kapena ku Dwambazi, matayala ataphwa, mwina ndi yakale kuposa mbendera ya dziko lino? Amuna a m'mbali mwa nyanja muno amene ankalembetsa ku Wenela kupita ku migodi ya ku Johannesburg, kapena kutsikira ku Salisbury ndi ku Bulawayo, pobwerera ankanyadira bulangete, wailesi ndi njinga. Kamuzu Banda anaimitsa maulendo a Wenela mu 1974, ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Ngati n'zoona kuti njingayo inabwera ndi agogo pa Wenela, ndiye kuti yapitirira zaka 50.

Kodi mumadziwa kuti njinga imanena yokha kwawo? Yang'anani kachitsulo kokhomedwa kutsogolo kwa felemu, pansi pa handulo. Mukaonapo mutu wa mbalame yonga kakowa, imeneyo ndi Raleigh, kampani ya ku Nottingham ku England imene imawerengera zaka zake kuchokera mu 1887. Kenako weramani muone giya yaikulu pomwe pali mapedulo, ngati siinabisike m'chovindikira tcheni. Ya Humber yakale ili ndi tianthu tisanu togwirana manja mozungulira, ndipo foloko ya zambiri mwa izo ili ndi timapaipi tiwiri mbali iliyonse m'malo mwa kamodzi. Ya Rudge ili ndi chikhatho chotambasula.

Nanga mumadziwa kuti zonsezi zinadzakhala za nyumba imodzi? Raleigh inagula dzina la njinga za Humber mu 1932, Rudge mu 1943 ndi BSA mu 1957. Inalinso ndi mafakitale kunja kwa England, monga ku South Africa ndi ku India, choncho njinga yochokera ku Joni si nthawi zonse imene inapangidwa ku Nottingham. Werengani mawu onse a pa kachitsulo kaja musanatchule mtengo. Za Hero za ku Ludhiana ndi za Phoenix za ku Shanghai zinatengera maonekedwe omwewo. N'zolimba, zanyamula mpunga ndi chinangwa m'boma lino la Nkhotakota zaka zambiri, koma n'zosasowa, ndipo munthu asakunamizeni kuti ndi chuma chobisika.

Kodi mumadziwa kuti chaka chimene njinga inapangidwa chingapezeke pa gudumu lakumbuyo? Ngati ili ya magiya atatu obisika m'kati mwa habu, pukutani habuyo ndi kansalu konyowetsa ndi palafini. Pafupi ndi dzina la Sturmey-Archer pali manambala awiri odinda pachitsulo, ina ya chaka ndi ina ya mwezi. Mukaona 58 ndi 7, habuyo inatuluka m'fakitale mu July 1958. Chenjerani kokha kuti gudumu limatha kusinthidwa, ndiye onaninso ngati limu yakumbuyo ikufanana ndi yakutsogolo.

Kodi mumadziwa kuti Raleigh zambiri zakale zinaphedwa ndi sipanala, osati ndi msewu? Kampaniyi inkadula mazinga ake ake: 26 pa inchi imodzi, pamene opanga ena ambiri ankadula 24. Mazinga amenewa ali pakati pomwe pamazungulira mapedulo ndi pakhosi pa foloko. Chipangizo chatsopano cha m'golosale chimalowa pang'ono n'kuyamba kulimba, ndipo wokonza wopupuluma amawonjezera mphamvu mpaka mazinga a felemu kuphwasuka. Zikafika apo chatsala n'kuwotcherera, ndipo njinga yowotcherera pakati mtengo wake wagwa. Chikakana kulowa ndi dzanja, lekani. Tsukani chakale chomwecho, sinthani timipira tachitsulo ta m'kati tokha, pakani girizi, bwezerani. Kumbukiraninso kuti pedulo yakumanzere imamasuka mosemphana ndi yakumanja.

Kodi mumadziwa kuti kuno kunyanja mdani wamkulu wa njinga ndi mchenga? Umalowa mu habu ndi mu tcheni, n'kusakanikirana ndi girizi, n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Wachiwiri ndi madzi odontha m'dengu la usipa kapena la chambo, amene amatsikira pa keliyala, pa madigadi ndi m'malimu mpaka dzimbiri kuboola. Wogula nsomba pa Chia akawotcherera zitsulo zomangira nyumba pa keliyala kuti anyamule zambiri, sindimudzudzula, pakuti njingayo ndiyo ikudyetsa ana. Koma ngati pakhomo pali ziwiri, yakaleyo ipumitseni, musenzetse yatsopano.

Kodi mumadziwa kuti penti watsopano amatsitsa mtengo? Ichi ndicho chimandipweteka kwambiri. Munthu amatenga sandipepa n'kupala felemu yonse, timizere tagolide ndi malemba a fakitale kupita ndi fumbi, kenako n'kupaka penti wa mawindo ndi bulashi. Amene amasonkhanitsa njinga zakale amafuna penti wa kufakitale, ngakhale atasuwa ndi kukalika, chifukwa ndiye umboni wakuti njingayo ndi yeniyeni. Sambitsani ndi sopo ndi madzi, umitsani bwino, pukutani ndi kansalu ka mafuta pang'ono. Pa handulo ndi pa malimu, dzimbiri lapamwamba limachoka mukatikita ndi kapepala kasiliva konyowetsa, kaja kokutira chakudya, popanda kukala chitsulo.

Chishalo nachonso musachitaye. Ngati kumbuyo kwake kuli kachitsulo kolembedwa Brooks, n'cha kampani ya ku Birmingham imene inayamba mu 1866 ndipo ikupangabe zishalo zachikopa. Chikauma musachiviike m'madzi kapena mu oyilo wa galimoto, chimafewa n'kutaya maonekedwe. Pakani mafuta a chikopa pang'onopang'ono.

Kodi mumadziwa kuti kukonza njinga yotere n'kosavuta pa boma la Nkhotakota kapena pa Dwangwa kusiyana ndi m'matauni ambiri a ku Ulaya? Matayala a 28 x 1½, machubu, makotapini ndi mphira za mabuleki a ndodo kuno n'zopezeka m'golosale, pamene kumeneko amachita kuitanitsa. Musanagule limu, werengani masipoko: njinga zachingerezi zakale zinali ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo.

Mumadziwanso kuti njinga zina zimene zinkanyamula makalata ku Britain tsopano zikuyenda m'Malawi? Royal Mail itasiya kugwiritsa ntchito njinga zake za Pashley, bungwe la Krizevac Project linazitola, n'kumazikonza, zina kugulitsa komweko pa dzina la Elephant Bike, zina kutumiza ku Chilomoni ku Blantyre. Mudzaizindikira ndi gudumu lakutsogolo locheperako ndi mabuleki a m'habu.

Nanga mtengo? Kunena zoona, Raleigh wamba sangakugulireni galimoto, chifukwa anapanga mamiliyoni. Chimene chimakweza mtengo ndi kukhala yathunthu: felemu yosapindika ndi yosawotcherera, chovindikira tcheni, belu, pampu, nyali ndi chishalo zake zomwe inabwera nazo. Lisiti yogulira kapena chithunzi cha agogo ataima nayo zimathandizanso. Fakitale ya ku Nottingham inasiya kupanga njinga mu 2002, ndiye ikatha yomwe muli nayo, ina yotero simudzaigulanso yatsopano.

Ogula zitsulo zakutha akafika pamudzi ndi sikelo yawo, musathamange kuitulutsa. Pukutani habu, werengani kachitsulo kakutsogolo, ndipo funsani achikulire amene adakali moyo kuti inabwera liti ndipo anaibweretsa ndani. Lembani zimenezo m'kope, musunge pamodzi ndi njingayo m'nyumba mosadontha.